Encryption imakubisani mpaka pati pa intaneti, nanga pomwe siifika mupange bwanji

Pali funso limodzi limene limangobwerabe anthu akayamba kukamba za chinsinsi pa intaneti, loti kodi foni ikandiuza kuti mameseji anga ali ndi encryption, kutanthauza kuti atsekedwa ndi kiyi kuti wapanjira asawawerenge, ndiye kuti palibe amene angaone zomwe ndikuchita? Ena amati eya, zonse zabisika basi. Ena amati ndi bodza limenelo, boma kapena kampani ya foni ikafuna imawerenga chilichonse. Onsewa akuphonya, ndipo zimandikhudza kwambiri chifukwa woyambayo amagona tulo pamalo posayenera kugona, pamene wachiwiriyo amataya mtima n'kusiya ngakhale tizinthu ting'onoting'ono timene tikanamuteteza. Mmene ine ndikuonera, encryption yamasiku ano imagwiradi ntchito, masamu ake ndi olimba zedi, moti amene akufuna kukuzondani nthawi zambiri salimbana nayo n'komwe, amangoilambalala. Ndiye ntchito yanu ndi yodziwa kumene amalambalalira n'kutsekako kumene kungatsekeke.

Ganizirani lole yonyamula katundu, yofundidwa tenti bwinobwino n'kumangidwa zingwe mbali zonse. Munthu woima mphepete mwa msewu sangadziwe kuti mkatimo muli chiyani. Koma akuona nambala ya galimotoyo, akuona geti lomwe yatulukira, nthawi yanji, yakhotera kuti, ikuyenda molemedwa kapena ilibe kanthu, komanso kuti imadutsa kangati pa sabata. Tentiyo ndiye encryption. Katunduyo ndi mawu amene mwalemba, zithunzi, pasiwedi, nambala ya khadi la ku banki. Zina zonse zooneka kunjazo ndi zimene akatswiri amazitcha metadata, ndipo musazione kuchepa. Michael Hayden, amene anatsogolerapo mabungwe a azondi a NSA komanso CIA ku America, ananena poyera mu 2014 kuti iwo amapha anthu potengera metadata. Sanafunike kuwerenga meseji, kungodziwa kuti uyu amalankhula ndi uje, ali pakuti, nthawi yakuti, kunali kokwanira.

Tentiyo payokha ndi yolimba bwanji? Njira yotchedwa AES, imene inavomerezedwa ku America mu 2001 ndipo lero ili pafupifupi paliponse, imagwiritsa ntchito kiyi wa mabiti 128 kapena 256. Kuti munthu ayese makiyi onse a mabiti 128 mmodzimmodzi ayenera kudutsa nambala ya madijiti 39, ndipo ngakhale atasonkhanitsa makompyuta onse a padziko sangamalize moyo wake wonse, ngakhalenso wa zidzukulu zake. Edward Snowden ataulula zinsinsi za NSA mu 2013 anthu anamufunsa funso lomweli, iye n'kuyankha kuti encryption yopangidwa bwino ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene mungazidalire, koma vuto ndi mafoni ndi makompyuta athu amene ndi ofooka kwambiri moti azondi amalowera kumeneko. Papita zaka zoposa khumi koma yankho limenelo silinasinthe.

Yambani ndi browser

Tsegulani browser yanu muyang'ane adiresi ya tsamba. Ikayamba ndi https ndiye kuti pakati pa inu ndi tsambalo pali tenti, dzina lake TLS. Ikayamba ndi http yopanda s, lole ikuyenda pambalambanda, mwini WiFi, kampani ya intaneti ndi wina aliyense wapanjira akhoza kuwerenga ngakhalenso kusintha zimene mukuona. Kale masamba ambiri anali otero, moti mu 2010 kunatuluka kapulogalamu kotchedwa Firesheep kamene munthu wamba ankatha kulowa nako mu akaunti ya Facebook ya mnzake amene ali naye pa WiFi imodzi. Zinthu zinasintha pambuyo pa Snowden, makamaka bungwe la Let's Encrypt litayamba mu 2015 kupereka mwaulere masatifiketi, ziphaso zimene tsamba limafunika kuti likhale la https, kenako Chrome mu July 2018 inayamba kulemba kuti Not secure pa tsamba lililonse la http. Chochita apa n'chosavuta. Mu Chrome pitani ku Settings, Privacy and security, muyatse Always use secure connections. Mu Firefox muyatse HTTPS-Only Mode. Mukatero browser izikuchenjezani isanatsegule tsamba lopanda tenti.

Chimene https imabisa ndi tsamba lenilenilo ndi zonse za mkati mwake. Kampani ya intaneti ikuona kuti mwapita ku Wikipedia koma sikuona nkhani imene mukuwerenga. Umboni wake ulipo wooneka ndi maso. Wikipedia itasamukira kwathunthu ku https mu 2015, maboma amene ankatseka nkhani imodziimodzi analephera kupitiriza, chifukwa sankaonanso kuti munthu watsegula nkhani iti, ndiye anatsala ndi njira ziwiri, kusiya zonse kapena kutseka zonse. Turkey inatseka Wikipedia yonse kuyambira April 2017 mpaka January 2020, China nayo inatseka zinenero zonse mu 2019. Boma limene likanatha kusuzumira mkati silikanavutika kutseka chitseko chonse.

Koma chonde musasokoneze zinthu ziwiri. Https ikutanthauza kuti apanjira sakuona, siikutanthauza kuti mwini tsambalo ndi wachilungamo. Akuba nawonso amaika https pa masamba awo onamizira banki, n'chifukwa chake Chrome inachotsa kachizindikiro ka loko kaja mu 2023, anthu ankakaona ngati chidindo choti tsambali ndi labwino. Komanso mwini tsamba amaona zonse, inu ndi iyeyo ndi amene muli mbali ziwiri za tentiyo. Ndipo Incognito siibisa kalikonse kwa kampani ya intaneti kapena kwa bwana wanu ku ntchito, imangofufuta history pa chipangizo chanucho mukatseka.

Pali chenjezo limodzi limene ndikupempha kuti musamalidumphe, lija lonena kuti kulumikizana kwanu si kwachinsinsi kapena satifiketi ya tsambali ili ndi vuto. Nthawi zina chimachititsa ndi deti lolakwika pa foni kapena mwini tsamba amene waiwala kukonzanso satifiketi, koma limenelinso ndi belu lokhalo limene limalira munthu akaima pakati pa inu ndi tsambalo n'kumadzinamiza kuti iye ndi tsambalo. Zinachitikapo. Mu 2011 kampani ya ku Netherlands yopereka masatifiketi yotchedwa DigiNotar inathyoledwa, anthu n'kupanga satifiketi yabodza ya Google imene anazondera nayo anthu a ku Iran okwana pafupifupi 300,000. Mu 2019 boma la Kazakhstan linauza nzika zake kuti ziike satifiketi ya boma mmafoni ndi mmakompyuta awo, imene ikanalola boma kutsegula tenti, kuwerenga, n'kutsekanso, mpaka Google, Mozilla ndi Apple anaikana mmabrowser awo. Ndiye wina akakuuzani kuti ikani satifiketi iyi kuti intaneti iziyenda, kanani. Pa Android mutha kuona zimene zinaikidwa kale pofufuza mawu oti Trusted credentials mu Settings n'kuyang'ana mbali ya User, imene kwa anthu ambiri iyenera kukhala yopanda kanthu. Pa iPhone yang'anani General, VPN & Device Management. Kompyuta ya ku ntchito ndi nkhani ina, makampani ambiri amaikamo satifiketi yawo mwadala ndipo amaona zimene zikudutsa, choncho zanu zachinsinsi musazichitire pamenepo.

Dzina la kumene mukupita

Apa ndi pamene anthu ambiri sadziwa kuti pakudontha. Foni isanatsegule tsamba imayamba yafunsa kuti dzina ili adiresi yake ya manambala ndi iti, kufunsa kumeneku ndiye DNS, ndipo mwachikale funsoli limapita poyera kwa kampani yanu ya intaneti. Ndiye ngakhale tsamba likhale la https, kampaniyo ili ndi mndandanda wa mayina onse amene mwafunsa tsiku limenelo. Kukonza kwake sikutenga mphindi ziwiri. Pa Android 9 kupita mtsogolo fufuzani Private DNS mu Settings, musankhe polemba dzina nokha, mulembe dns.quad9.net kapena one.one.one.one kapena dns.google. Mu Chrome ndi Firefox muli malo oyatsira secure DNS kapena DNS over HTTPS. Dziwani kuti simunafufute mndandandawo, mwangousamutsa, tsopano amene akuona mafunso anu ndi Quad9, Cloudflare kapena Google, ndiye sankhani amene mukumukhulupirira kuposa kampani yanu. Ine ndimakonda Quad9 chifukwa ndi bungwe losapanga phindu la ku Switzerland ndipo limatsekanso masamba odziwika kuti ndi a akuba.

Ngakhale mutatero dzina limadonthabe pena. Pamene foni ikupatsana moni ndi seva kuti ayambe TLS, imatchula dzina la tsambalo poyera, gawo limeneli amalitcha SNI, ndipo maboma otseka masamba amalidalira kwambiri. Pali njira yatsopano yotchedwa ECH yobisa dzinalo, Firefox ndi Chrome anaiyamba mu 2023, koma imagwira pokhapokha mwini tsambanso atayatsa mbali yake ndipo ambiri sanatero. Komanso adiresi ya manambala ija, yotchedwa IP, ya kumene mukupita imaonekabe. Ndiye ngati vuto lanu ndi loti kampani ya intaneti kapena mwini WiFi asadziwe n'komwe kuti mumapita tsamba lakutilakuti, Private DNS yokha siikwanira.

Ndi pamene VPN imalowera, koma pa VPN pali mabodza ambiri a otsatsa malonda. Chimene imachita ndi kutenga zonse zotuluka mfoni mwanu n'kuzikulunga mu tenti yachiwiri mpaka pa seva ya kampani ya VPN, kuchokera pamenepo zimapitiriza ulendo ngati kale. Kampani yanu ya intaneti imangoona kuti mwalumikizana ndi VPN, nthawi yanji ndiponso data yochuluka bwanji. Koma zonse zija inkaona, tsopano akuziona ndi a VPN. Mwangosintha woyang'ana. Ndiye funso ndi loti mwini wake ndani ndipo ndalama amazipeza bwanji. Facebook inali ndi VPN yaulere yotchedwa Onavo imene inkasonkhanitsa zoti anthu akugwiritsa ntchito maapu ati, mpaka inatsekedwa mu 2019 zitadziwika. VPN yaulere yosadziwika mwini wake ndi yoopsa kuposa kukhala opanda VPN. Mukafuna kusankha, onani ngati imagwiritsa ntchito njira zodziwika bwino za WireGuard kapena OpenVPN, ngati akatswiri apadera anaifufuzapo n'kutulutsa lipoti, ndipo muyatse kill switch kuti VPN ikaduka intaneti nayo iduke, apo ayi foni imangopitiriza poyera inu osadziwa. Ndipo mukalowa mu akaunti yanu ya Google kapena Facebook muli pa VPN, iwo akudziwabe kuti ndinu, mwawauza nokha dzina.

Tor imapita patali kuposa pamenepo. M'malo modalira kampani imodzi, uthenga wanu umadutsa makompyuta atatu a anthu ongodzipereka, wokulungidwa katatu. Yoyamba ikukudziwani inu koma sikudziwa kumene mukupita, yomaliza ikudziwa kumene uthenga ukupita koma sikudziwa kuti wachokera kwa ndani, yapakati ikungodziwa anzake awiriwo. Tengani Tor Browser ku tsamba lenileni la Tor Project, musaikemo zoonjezera, ndipo musalowe mu akaunti zokhala ndi dzina lanu. Imachedwa, masamba ena amaikana, komanso kampani ya intaneti imatha kuona kuti mukugwiritsa ntchito Tor, zimene mmaiko ena pazokha zimakopa maso. Pa vuto limenelo pali ma bridge, njira zobisa kuti muli pa Tor, monga obfs4 ndi Snowflake, amene mumayatsa mu settings momwemo. Malire ake ndi akuti mzondi wamphamvu amene akutha kuona polowera ndi potulukira nthawi imodzi akhoza kufananiza nthawi ndi kukula kwa data n'kuganizira kuti ndinu, sanatsegule tenti koma wawerenga mayendedwe a lole.

Mameseji ndi kuimba

SMS ndi kuimba foni mwa nthawi zonse muziziona ngati zapoyera. Kampani ya foni ili nazo, ndipo amene walowa mu makina a kampaniyo alinso nazo. Mu 2024 zinadziwika kuti gulu la othyola makompyuta lotchedwa Salt Typhoon linalowa mmakina a makampani akuluakulu a mafoni ku America, ndipo mu December chaka chomwecho akuluakulu a boma la America enieniwo analangiza anthu kuti azigwiritsa ntchito maapu okhala ndi encryption. Netiweki ya 2G ndiye yofooka koposa, encryption yake inathyoledwa kalekale, ndipo zipangizo zonamizira nsanja ya netiweki zimakonda kukokera foni ku 2G kuti zimvetsere. Mafoni ambiri a Android 12 kupita mtsogolo ali ndi pozimitsira 2G mu settings za SIM, ngati kumene muli kuli 4G yodalirika zimitsani.

Mawu ofunika kuwayang'ana pa apu ndi end-to-end. Tanthauzo lake ndi lakuti kiyi ali pa foni yanu ndi pa foni ya mnzanuyo basi, kampani yapakati ikungonyamula katundu amene siingathe kutsegula. Signal imatero pa chilichonse. WhatsApp imatero kuyambira April 2016 pogwiritsa ntchito njira ya Signal yomweyo. Messenger inayamba kutero payokha pa macheza a anthu awiri mu December 2023. Telegram ndi imene anthu ambiri amaiganizira molakwika, macheza wamba ndi magulu onse amasungidwa pa maseva a kampani momwe kampaniyo ikhoza kuwatsegula, end-to-end ili mu Secret Chat yokha imene muyenera kuiyambitsa nokha ndipo ndi ya anthu awiri basi. Email nayo imabisika panjira koma kampani yosunga imatha kuiwerenga, ndiye nkhani yovuta isapite pa email wamba.

Kusiyana kwa Signal ndi WhatsApp kuli pa metadata ija. WhatsApp siingawerenge mawu anu koma imasonkhanitsa zambiri za akaunti yanu, chipangizo chanu, adiresi ya IP, magulu amene muli ndi mmene mumaigwiritsira ntchito, ndipo khoti likalamula zina mwa izo zimaperekedwa. Signal italamulidwa ndi khoti ku Virginia mu 2016 kuti ipereke zimene ili nazo, inangopeza zinthu ziwiri, tsiku limene akaunti inatsegulidwa ndi nthawi yomaliza imene inalumikizana. Zina zonse sinazisunge ndiye panalibe chopereka. Kwa mtolankhani, loya, dokotala kapena aliyense amene kungodziwika kuti analankhula ndi uje kungaike munthu pamavuto, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Kuyambira 2024 Signal imalolanso kupatsana username m'malo mwa nambala ya foni.

Tsopano backup, apa ndi pamene ambiri amagwera osadziwa. Mameseji ayenda bwinobwino mu tenti, kenako usiku foni ikuwakopera onse ku Google Drive kapena iCloud mmene kampani yosungayo ikhoza kuwafikira. Wofuna mameseji anu savutikanso ndi msewu, amangopita ku nkhokwe. Mu WhatsApp pitani Settings, Chats, Chat backup, muyatse End-to-end encrypted backup, yomwe ilipo kuyambira 2021, musankhe pasiwedi kapena kiyi wa zilembo 64. Lembani papepala musunge pabwino chifukwa mukaiwala foni n'kutayika palibe amene angakuthandizeni, ngakhale a WhatsApp eni ake, ndipo chimenecho ndiye chizindikiro choti ndi encryption yeniyeni. Kumbukiraninso kuti mnzanu amene mumalemberana naye ali ndi kope lake la macheza omwewo, ngati iye sanayatse ndiye kuti mawu anu ali mu backup yake yosatseka. Muuzeni. A iPhone ali ndi Advanced Data Protection, imene imatseka backup ya iCloud chimodzimodzi, ngakhale Apple inaichotsa ku United Kingdom mu February 2025 itapanikizidwa ndi boma kuti itsegule khomo lakuseri.

Mukadali mu WhatsApp momwemo chitaninso izi. Yatsani Two-step verification kuti wina akaba nambala yanu asangotenga akaunti, ndipo kodi ya manambala 6 imene imabwera pa SMS musauze munthu aliyense olo akunena kuti ndi wa kampani. Tsegulani Linked devices muone ngati pali kompyuta imene simukuidziwa, munthu akagwira foni yanu kwa theka la mphindi akhoza kuilumikiza ku kompyuta yake n'kumawerenga zonse kwa masabata, encryption ili chiyakire. Yatsani Security notifications kuti muziuzidwa kiyi wa mnzanu akasintha. Ndipo kwa munthu amene mumakamba naye zovuta, mukakumana maso ndi maso tsegulani dzina lake, Encryption, mufananize manambala 60 aja kapena musikane QR code, pa Signal amati safety number. Zikafanana ndiye kuti palibe waima pakati.

Foni yeniyeniyo

Pamapeto pake meseji iyenera kutseguka pa sikirini kuti inu muiwerenge, ndiye amene walowa mfoni akuwerenga nanu limodzi. Nkhani zikuluzikulu zambiri zimene mumamva zoti apolisi awerenga mameseji achinsinsi, mukazifufuza mupeza kuti masamu sanathyoledwe. Mu 2020 apolisi a ku France analowa mu makina a kampani ya mafoni achinsinsi yotchedwa EncroChat n'kuika pulogalamu mmafoni momwemo imene inkakopera mameseji. Mu 2021 zinaululika kuti apu ya ANOM imene zigawenga zinkaikhulupirira inkayendetsedwa mobisa ndi FBI. Kampani ya Crypto AG ya ku Switzerland inagulitsa makina a encryption ku maboma ambirimbiri kwa zaka makumi, mu 2020 n'kudziwika kuti eni ake mobisa anali CIA ndi azondi a ku Germany. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira apu yachilendo yodzitama kuti ili ndi encryption yachinsinsi yoposa zonse. Yodalirika ndi imene kapangidwe kake kali poyera ndipo akatswiri akhala akuitokosa kwa zaka.

Ndiye pali Pegasus, pulogalamu yozondera mafoni ya kampani ya NSO Group ya ku Israel. Mu 2019 inalowa mmafoni a anthu pafupifupi 1,400 kudzera pa kuimba kwa WhatsApp, munthu osafunika ngakhale kuyankha, ndipo ofufuza a Citizen Lab ndi Amnesty International akhala akuipeza mmafoni a atolankhani ndi omenyera ufulu mmaiko ambiri. Zida ngati zimenezi ndi zodula kwambiri, sizigwiritsidwa ntchito pa aliyense, koma zimadalira mabowo a mu pulogalamu ya foni, ndipo mabowowo amatsekedwa ndi ma update. Ndikudziwa kuti update imadya data ndipo imabwera nthawi yosayenera, komabe pa zonse zimene ndalemba pano imeneyi ndi imene ndingaike patsogolo. Foni imene inasiya kulandira ma security update musasungiremo zinthu zoika moyo pachiswe. Amene ntchito yawo imawaika pa maso a boma ayatse Lockdown Mode pa iPhone, yomwe inabwera mu 2022 ndipo imachepetsa njira zimene zida zoterezi zimalowera, ndipo maapu azitenga ku Play Store kapena App Store kokha. Ma WhatsApp osinthidwa aja otengedwa pa link, olonjeza kuona meseji yofufutidwa, achotseni, simukudziwa kuti wopangayo anaikamo chiyani.

Koma tinene zoona, kwa anthu ambiri mzondi si boma. Ndi munthu wapafupi amene amadziwa PIN yanu chifukwa anakuonani mukuilemba. Ikani PIN ya manambala osachepera 6 osakhala tsiku lobadwa, chifukwa mafoni amakono amatseka zonse zili mkati ndi kiyi wochokera ku PIN imeneyo, ikakhala 1234 ndiye kuti zonse zija zangopita pachabe. Bisani mawu a meseji kuti asamaoneke pa sikirini foni ili yokhoma. Yatsani mameseji odzifufuta okha pa macheza ovuta, ngakhale sizingaletse mnzanu kujambula sikirini ndi foni ina. Ndipo magulu muzisamala nawo, gulu la anthu 200 lilibe chinsinsi olo encryption ikhale yolimba bwanji, mmodzi yekha akwanira kutumiza kunja. Mu March 2025 akuluakulu a chitetezo a boma la America ankakambirana za kuphulitsa mabomba ku Yemen pa gulu la Signal, momwe anali ataikamo molakwitsa mkonzi wa magazini ya The Atlantic, Jeffrey Goldberg. Signal inagwira ntchito yake ndendende, inafikitsa uthenga mwachinsinsi kwa aliyense amene anali mgululo. Musanalembe, tsegulani mndandanda muone amene alimo.

Pali nkhawa ina ya mtsogolo imene ndiifotokoze mwachidule. Akuti mlandu suwola, ndipo mabungwe a azondi akhoza kusunga data yotsekedwa lero n'kudikira tsiku limene makompyuta a quantum adzakhale ndi mphamvu yothyola njira zimene mafoni amagwirizanirana makiyi, monga RSA ndi Diffie-Hellman. Kompyuta yotero palibe amene waionetsa, koma okonza sanakhale pansi. Signal inaonjezera chitetezo cha mtundu umenewu mu 2023, Apple inachita chimodzimodzi pa iMessage mu 2024, ndipo bungwe la boma la America la NIST linatulutsa njira zatsopano za encryption zopirira makompyuta amenewa mu August 2024. Inu palibe batani loti mudine, zimabwera zokha ndi ma update omwe aja.

Chimene palibe apu ingakubisireni ndi malo amene muli. Foni iliyonse yokhala ndi SIM ikayaka imalankhulana ndi nsanja za netiweki zapafupi kuti mafoni obwera akupezeni, ndipo kampani imadziwa dera limene muli ngakhale GPS ndi data zili zozima, ngakhale muli pa VPN kapena Tor. Mafoni awiri akamapezeka malo amodzi nthawi imodzi mobwerezabwereza, zimenezo zimaoneka mmabuku a kampani popanda kuwerenga meseji ndi imodzi yomwe. Kusintha SIM sikuthandiza kwenikweni chifukwa foniyo ili ndi nambala yakeyake ya IMEI imene netiweki imaionanso. Mungachepetse zina, monga kulowa mu Permissions n'kuchotsa chilolezo cha location pa maapu amene sachifuna, chifukwa ambiri amagulitsa zimenezo kwa makampani osonkhanitsa data. Koma ngati mukukakumana ndi munthu amene kudziwika kuti munakumana kungamupweteketse, gwirizanani malo ndi nthawi pa Signal, mameseji odzifufuta ali oyaka, ndipo tsikulo nonse awiri mafoni muwasiye kunyumba.